Kaphukusi ka m'dengu la a Nunzia

Aniello anatha masiku asanu chakudya chikumukana. Saverio, yemwe anali naye pachibwenzi mpaka nyengo ya Khrisimasi, anali atamuimbira foni kuti am'peza ndi HIV, wayamba kale mankhwala, ndipo nayenso akayezetse. Koma akayezetse kuti? Mliri wa kolona unali utatseka mzinda wonse wa Napoli, ku Italy. Kuti munthu atuluke, ankalemba kaye pepala lonena kumene akupita, apolisi n'kumaliwerenga pamsewu. Kumalo kumene achinyamata ngati iye ankayezetsera mwakachetechete kunalinso kotseka.

Komatu apolisi sanali kanthu. Aniello ankaopa mayi ake, a Nunzia, poti pa zaka zake 22 anali asanawauzepo kuti iye amakonda amuna anzake.

Zitam'fika pakhosi, anaimbira a Titina, anesi okhala m'nyumba ya pansi pawo. Iwo anamuuza kuti ku famase kuli kachipangizo kodziyezera wekha pobaya chala, ndipo poti miyezi itatu yadutsa chigonereni ndi Saverio, zotsatira zikhala zodalirika. Analonjeza kumuikira m'dengu limene a Nunzia ankatsitsa ndi chingwe kuchokera pakhonde lam'mwamba kuti wabuledi aikemo katundu.

Mwana wa anthu anaiwala chinthu chimodzi. Chiyambire mliri, a Nunzia ankapukuta ndi sipiriti chilichonse cholowa m'nyumba, ngakhale mandimu amene. M'mawa mwake, iye akusamba, mayi anakoka dengu, n'kumasula kaphukusi ka m'nyuzipepala. Potuluka anawapeza akupukuta imodziimodzi makondomu amene a Titina anaonjezamo, kachipangizo kali pambali.

"Iwe Aniello, ichi si cha kolona. Kuwerenga ndimatha, wamva?"

Aniello anakhala pampando. Anawauza zonse, maso ali pansi, akudikira kukalipiridwa.

"Za Saverio ndinadziwa kalekale," anatero a Nunzia. "Unkati ndimakhulupirira kuti munthu angamabwere Lamlungu lililonse chifukwa cha mpira basi? Chandipweteka n'choti wavutika wekha masiku onsewa, ine mayi ako ndili m'nyumba momwemuno. Bwera nacho chalacho."

Anaimbira a Titina kuti awatsogolere. Wodzibaya anali Aniello, koma wofuula ndi ululu anali mayi ake. Kenako anadikira mphindi khumi ndi zisanu, a Nunzia akuitana oyera mtima onse mayina awo. Panatuluka mzere umodzi wokha. Analibe kachilombo.

Aniello analira ndi chimwemwe, kulira kwenikweni. Mayi ake anathamangira kukhonde kuti alengeze msewu wonse, a Titina n'kuwabweza pafoni pomwepo, amvekere nkhani ya magazi a munthu mwini wake ndiye amasankha womuuza. Anakumbutsanso Aniello kuti kondomu isamasowe, aziyezetsa pafupipafupi, ndiponso akafunse dokotala za mapiritsi oteteza ku HIV otchedwa PrEP. Anati ikanatuluka mizere iwiri, akanapita naye kuchipatala kukatsimikiza, chifukwa chipatala sichikana munthu ngakhale pa mliri, ndipo wakumwa mankhwala mokhulupirika amakhala ndi moyo wautali.

Masana amenewo Aniello anadya mbale ziwiri za pasita. Atakhuta anaimbira Saverio kumuthokoza chifukwa chosabisa. Asanamalize n'komwe, a Nunzia anam'tsomphola foni.

"Saverio, mwanangu, mankhwala ukumwa? Usadumphitse olo tsiku limodzi. Akangotsegula misewu ubwere, ndione ndi maso anga ngati ukudya."

Kumbali inayo anamva Saverio akusisima. Chilandirireni zotsatira zake, panalibe wina aliyense amene anamuitanira kunyumba.

Mliri ukafika, HIV sipita kutchuthi. Kaya mumakonda mwamuna kapena mkazi, yezetsani, dzitetezeni, ndipo musavutike nokha. Nanunso makolo, mwana akakuuzani zoona zake, mulandireni, chifukwa mwana wosaopa kwawo sachedwa kufuna thandizo.