Njerwa za Balani ya a Moffat

Tsiku limene Tiyese anauza mayi ake kuti waimanso, mayi Zelesi sanalulutire. Anangoika lichero pansi n'kuyang'ana kumsewu wa ngolo.

Pamsewu womwewo ndi pamene anataya mdzukulu chaka chathachi. Tiyese anali atapita kuchiyembekezo pachipatala chaching'ono cha m'dera lawo, kumadzulo kwa boma la Kasungu. Chipinda chinali chimodzi, chodzaza mpaka pakhomo. Iye ankagona pakhonde, mphepo ya mu Juni ikumulowa m'mafupa. Atatopa anabwerera kumudzi, nati adzapita matenda akayamba. Matenda anayambadi, koma ng'ombe sizithamanga. Mwana anabadwira pangolo, pakati pa minda. Sanalire. Anakamuika amayi okhaokha, popanda nyimbo.

"Ulendo uno sindipitako," anatero Tiyese. "Kugona pakhonde ngati mbuzi? Bola ndifere pamphasa panga."

"Tseka pakamwa! Imfa saitana," anakalipa mayi akewo. Koma mumtima ankadziwa kuti mwanayo sakunama.

M'mawa mwake mayi Zelesi analawirira kuchipatala, n'kukapeza anamwino, mayi Esitere, akuyeza amayi kusikelo.

"Anamwino, mumatiuza kuti tizibwera msanga. Tibwere tidzagone pati? Pamutu panu?"

"Mayi, kukalipa kwanu n'komveka," anayankha anamwino. "Inenso ndimachita kulumpha anthu polowa ntchito. Koma njira ilipo. Komiti ya chipatala inapeza bungwe lomwe lalonjeza simenti ndi malata. Akufuna kuti anthu a kuno abweretse njerwa, mchenga ndi manja awo."

"Ndiye chikuvuta n'chiyani?"

"Njerwa. Pamsonkhano aliyense amavomera, akachoka zii."

Mayi Zelesi anabwerera kumudzi. Unali mwezi wa Malichi. Mvula inali isanathe, ndipo anthu onse anali m'zigafa kusoka fodya. Aumbe njerwa ndani? Ngakhale aziumbe, aziwotcha ndi chiyani, mitengo fodya anaimaliza kalekale? Pamene njerwa zatsopano zingadzapse, Tiyese adzakhala atafika kale masiku.

Akulowa pakhomo, maso awo anagwera pa balani. Inali nyumba yaitali ya njerwa zowotcha, momwe amuna awo, a Moffat, ankawotcheramo fodya nthawi imene zinthu zinkayenda. Tsopano munkangokhala mileme.

"Bambo a Tiyese, balani ija ndikuifuna."

"Muikemo chiyani?"

"Tiigwetse. Njerwa zake zikamange chipinda kuchipatala."

A Moffat anaseka chokhumudwa. "Mwapenga? Mitengo ya fodya ikadzakwera ndidzayambiranso kuwotcha."

"Nkhuni zake mukazitenga kuti? Mudzasonkhezera ndevu zanuzo?"

"Ndikaigwetsa anthu adzati Moffat watha."

"Ananena kale. Simunamve chifukwa mumakhala kutsogolo kutchalitchi."

Bamboyo anakanda m'mutu. "Chabwino, tengani khoma limodzi."

"Khoma limodzi ndi chipinda? Onse anayi."

"Awiri. Ndipo mapaipi ndi chitseko zitsale."

"Mapaipi sungani, muzigona nawo. Makoma onse anayi, ndi ngolo yomwe." Mayi Zelesi anatsitsa mawu. "Tsiku lija ng'ombe munkayendetsa ndinu. Simunacheuke, koma munamva zonse. Ngolo imene ija inanyamula mwana wakufa. Mukufuna idzanyamulenso mayi wake?"

A Moffat anakhala pansi akuyang'ana balaniyo. Kutacha anatenga nyundo n'kukwera okha pamwamba.

Ntchito sinayende mosavuta ayi. Anthu odutsa ankaima n'kumaseka, amvekere, "Kwa a Moffat njala yafika pogwetsa nyumba." Obwera kudzathandiza anali ochepa. Njerwa zina zinasweka. Zitafika kuchipatala zinakhala pamulu mpaka udzu kumera, simenti osaoneka. Mayi Zelesi ankapita kwa apampando a komiti, a Lemani, mlungu uliwonse.

"Mwabweranso, mayi?"

"Ndabwera. Mimba siidikira komiti."

Nthawi yonseyi mimba ya Tiyese inkakula, miyendo ikutupa. Analeka kuseka. Nsalu za mwana anakana kugula, ati kuopa kudzazipindanso. Tsiku lina mayi ake anam'peza atakhala pomwe panali balani, akungotola zidutswa za njerwa.

"Amayi, mwagwetsa nyumba ya abambo pachabe," anatero.

Kutacha mayi Zelesi anapitanso kwa a Lemani.

Simenti inafika fodya atatha kugulitsidwa. Apo m'pamene anthu anayamba kubwera, amayi kutunga madzi, abambo kututa mchenga kudambo. Chipinda chinaima, chosapaka pulasitala, njerwa zina zikuonekabe mwaye wakale. Koma chinali ndi denga ndi chitseko. Chitsekocho chinali cha balani chija. A Moffat anachibweretsa okha, osauzidwa.

Mwezi wachisanu ndi chinayi utangoyamba, Tiyese anapita kukadikira. Anamwino pomuyeza anapeza kuti mwana wagona chopingasa.

"Uyu sangabadwire pano," anatero mayi Esitere. "Ndikuitana ambulansi panopa, matenda asanayambe. Mukanakhala kumudzi tikanataya onse awiri."

Kuchipatala chachikulu ku boma anamuchita opaleshoni. Mayi Zelesi anakhala panja atagwira tsaya, mpaka anamwino ena anatuluka n'kuwauza kuti Tiyese ali bwino, mwana ndi wamkazi, ndipo walira. Apo m'pamene analulutira, mpaka mlonda kuwaletsa.

Chipinda chimodzi sichinathetse mavuto onse. Mpaka lero amayi ena amagonabe pakhonde kukadzaza, ndipo mdzukulu woyamba uja sadzabweranso. Koma phunziro ndi ili: mayi woyembekezera apite kuchiyembekezo matenda asanayambe, kuti vuto lionekere nthawi ilipo. Ngati malo ndi ochepa, musabwerere kumudzi. Pitani ku komiti ya chipatala, funsani chimene chikusoweka, perekani chomwe muli nacho, ndipo musatope kukumbutsa.

Pamsonkhano wotsatira mayi Zelesi anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Apampando, chipinda chachiwiri chikufunika. Kuseri kwa nyumba yanu ndinaonako balani. Mukuwetamo chiyani, mileme?"

A Lemani anayang'ana a Moffat kuti awathandize.

"Achimwene," anatero a Moffat, "musataye nthawi. Nyundo ndikubwerekani."