Maefekiti 14 pa mawu a Sungeni

...ndiye mpamene Winnie anayamba kunamizira laputopu kkkk. Akuti ndi yakale, yatopa, nchifukwa chake nyimbo ikungothetheka ngati tchipisi pa chiwaya. Nyimboyo inali ya pa ukwati wa Lucy, mkulu wake wa Sungeni, Loweruka la sabata yomweyo. Woyimba Sungeni, wosakaniza Winnie, mabesti kuyambira fomu 1.

Koma Winnie anali ndi kanthu kumtima. Atamvetsera yekha anamva kuti mnzakeyo akuphonyaphonya, ndiye mmalo momuuza anangounjika maefekiti, tija tokometsera nyimbo, pa mawu ake. Yowongola mawu, ina pamwamba pake, eko, inanso. Mpaka 14 kkkk

Ananyamula laputopu onse awiri mpaka ku Naperi kwa a Gervazio, aja amajambula makwaya. Iwo kutsegula kawindo kena pa laputopupo, kuoneka timizere tinayi. Kamodzi kofiira kodzaza, titatu tili phee.

"Ilibe mlandu iyi," anatero a Gervazio. "Mapurosesa, timainjini togwira ntchito, alimo anayi. Pulogalamuyi imagawa ngati pa depoti ya Limbe, ng'oma minibasi iyi, gitala iyo, mawu inayo. Koma zimene mwaunjika pa thiraki imodzi, monga ya mawuyi, zimakwera minibasi imodzi, poti efekiti yachiwiri imadikira yoyamba imalize. Ndiye imodzi yapakira mpaka pachitseko, zitatu zikungoothera dzuwa. Tiione yapakirayo."

Winnie msangamsanga kulowererapo. Akuti ankolo mwina tibwerenso mawa. Iwo adina kale. Mndandanda wonse poyera, pamwamba palembedwa SUNGENI.

"Zonsezi munthu mmodzi? Anakulakwirani chani mwanayu?"

Anazimitsa onse, nyimbo nkuyenda myaa, mawu enieni a Sungeni nkutuluka ndi kuphonya kwake komwe. Sungeni anangodzuka nkutuluka. Mu minibasi anakakhala kutsogolo, Winnie kumbuyo akungoona nkhongo ya mnzake. Sikuti ankafuna kumunyoza ayi, ankangoopa kumuuza. Koma nanga kunamizira laputopu mnzako ali pompo akukukhulupirira? Sungeni anatsika ku Chilobwe osatembenuka.

Kunyumba Winnie analemba meseji, kufufuta, kulemba, kufufuta. Pomaliza anangotumiza kuti pepa aise, ndinaopa kukuuza kuti waphonya. Timatiki tiwiri tabuluu, kenako zii ola lathunthu. Foni itanjenjemera anachita kutsegula ndi diso limodzi.

"ukanangondiuza ndibwereze. ndaimvera kasanu, vesi yachiwiri ndaphonyadi. mawa 2 koloko ubwere ndi maiki. koma ndakwiyabe usandisekerere"