Wogona Kumchira

Mlongo wanga amadumpha anthu ndi njinga yamoto. Ndiyo ntchito yake. Anthu amagona chagada paphula, phewa ndi phewa, iye n'kubwera pa liwiro, kukwera chitunda cha matabwa, kuuluka pamwamba pawo n'kukatera kutsidya. Owonera amamutcha Chiwala. Ine ndine telala, koma pamasewerawo malo anga ndi kumchira. Ndiye kuti ndimagona kumapeto kwenikweni kwa mzere, kufupi ndi pamene tayala lakumbuyo limatera.

Malowo sindinasankhe ndekha. Bambo athu, amene anabweretsa masewerawa m'banja mwathu, anali ndi lamulo lawo loti kumchira sugoneka munthu amene sungamulire. Ankati wodumpha akadziwa kuti kumapeto kuli magazi ake, dzanja silichita ulesi. Mayi anagonapo mpaka msana unawakana, kenako ndinalowa ine. Lamulolo linali ndi mbali zina ziwiri. Wodumpha asananyamuke amakweza dzanja lamanja, lija lopotokola moto, n'kulitambasula kuti wakumchira alione. Ndipo wakumchira akadzuka, masewera athera pomwepo, palibe kufunsa chifukwa. Mbali yomalizayi palibe anaigwiritsapo ntchito, moti mlongo wangayo ankaitchula ngati nthabwala.

Tinkayeserera kuseri kwa galaja imene iye amagwirako ntchito mkati mwa sabata, pabwalo lakale loimikapo magalimoto. Anyamata a pagalajapo ndiwo ankadzaza mzere. Ine ndinali ndi chizolowezi chimene ndinatengera kwa mayi. Njinga ikatera, ndinkatulutsa choko changa chosokera n'kulemba kamzere pamene tayala lasiya chidindo chakuda. Zaka zonsezi ndinkachita kukwawa kuti ndikafike pachidindopo. Koma chileke mvula, ndinayamba kulemba ndili chigonere, osatambasula n'komwe mkono wonse.

"Achemwali, mwatsegula sukulu paphula?" anatero mlongo wanga tsiku lina akubweza njinga.

"Bwera udzaone."

"Ndaona kale ndili m'mwamba. Malo otsala mpoti n'kuimikapo basi."

"Basi ya zidole."

"Vuto ndi inu, mwanenepa. Mzere ukutalika chifukwa cha inu."

Anyamata aja anaseka mpaka wina kugubuduka. Nanenso ndinamwetulira, poti munthu sukalipira mlongo wako pamaso pa anzake a ntchito. Koma mphepo ya tayala lija inali ikadali patsaya langa.

Chaka chatha anagwa, dzanja lamanjalo n'kuthyoka pamfundo. Pulasitala anaidula yekha ndi sowo ya pagalaja nthawi isanakwane, akuti inkamuyabwa. Titamufunsa ankangoti lapola, n'kutifinya zala popereka moni kuti tikhulupirire.

Zoona zake ndinaziona kunyumba kwake, m'mawa wina nditapita kukasiya diresi ya mwana wawo. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula pang'ono. Mlongo wanga anaima pagalasi akulimbana ndi batani la shati. Zala zinkafika pabatanipo n'kuterereka, kufikanso n'kuterereka. Mlamu wanga anatulukira akudandaula za mpopi umene ukudontha, ndipo akulankhula choncho anamumanga mabatani onse kuyambira pansi mpaka pakhosi, maso ali kwina, ngati akungomuchotsa ulusi. Patebulo anamuthirira tiyi theka la kapu, n'kutembenuzira chogwirira cha kapuyo kumanzere. Zonsezi anachita mosaonetsera, moti mwamuna wakeyo sanachite manyazi. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mkaziyu, ndipo nthawi yomweyo ndinamupsera mtima.

Ndinamutsatira kukhitchini.

"Mlamu, zayamba liti?"

"Ziti, alamu?"

"Musandiyese mwana. Ine ntchito yanga ndi mabatani."

Anatsuka kapu imodzi kwa nthawi yaitali. "Limachita dzanzi," anatero pomaliza. "Limabwera n'kupita. Nthawi zina amaliviika m'madzi otentha, limadzuka. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

"Ine ndine munthu wamba? Pansi paja mumaona kuti pamagona thumba la utuchi?"

"Ndikudziwa, alamu."

"Loweruka sindigona."

Anatseka mpopi uja mwamphamvu, koma unapitiriza kudontha. "Anena kale kuti mukakana inu, ndigona ine. Akuti nanenso angandilire."

Loweruka limenelo linali lalikulu kwa iye. Kampani ina ya matayala inkafuna wodumpha woti izizungulira naye m'mizinda, ndipo akuluakulu ake ankabwera kudzaonera. Kuti awasangalatse, mlongo wanga anaganiza zowonjezera munthu mmodzi pamzere.

Ndinamupeza pagalaja atagwada pambali pa njinga, sipanala ili kudzanja lamanzere.

"Unayamba liti kukhala wamanzere?"

"Munthu waluso amagwiritsa onse."

"Pita kuchipatala kaye. Kudumpha sikuthawa."

"Kampani ndiyo ithawa. Ndikapita kumeneko akandikulunganso ngati mphatso, ndipo palibe amadikira wopunduka." Anaponya sipanala pansi. "Achemwali, sukulu ndinasiya chifukwa cha njingayi. Mano akutsogolowa ndi ogula. Mwana wanga akubadwa ine ndinali m'chipatala china, mwendo uli m'mwamba. Ndiye ndifike pakhomo penipeni, ndibwerere chifukwa cha kadzanzi?"

"Nanga ine? Kwaya ndinaisiya chifukwa imayeserera Loweruka. Madiresi a ukwati ndimasoka, koma akwati ake sindinawaonepo atavala. Ukuganiza kuti phula limakoma?"

"Ndakugundanipo?"

"Ayi."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Vuto ndi loti tsiku limene udzandigunde sindidzakhalapo kuti ndikuyankhe."

Anaseka, koma osandiyang'ana. "Mwakalamba, achemwali. Mantha amabwera ndi imvi. Ngati mwatopa nenani, alipo wina."

Apo ndiye anandimanga manja. Ndikakana, pagona mlamu, amene sanagonepo n'kamodzi komwe, mayi wa mwana wamng'ono. Ndikavomera, ndavomereza bodza lake. Ndinabwerera kushopu n'kusoka mkono wa jekete chadodolido, kusula, kusokanso molakwika. Popemphera mawu ankandithera. Ndinkangoti, Ambuye, mwamuona mwana wa mayi anga, mutu ngati mwala. Koma yankho silinkabwera.

Mwamuna wanga anasiya kalekale kubwera kumasewera. Sananenepo kuti ndisiye. Chimene amachita n'choti m'mawa wa tsikulo amapinda thaulo n'kuliika m'chikwama changa, loti nditsamire mutu paphula. Loweruka limenelo anaikamo thaulo lake lalikulu, n'kuima pakhomo mpaka nditakhota.

Masewera anali pabwalo loimikapo magalimoto la sitolo yaikulu. Dzuwa linali litakwera, phula likununkha. Anthu anadzaza kuseri kwa zingwe, ana pamapewa a makolo, ndipo akuluakulu a kampani anakhala pamipando pansi pa tenti. Chiwala anayamba ndi zing'onozing'ono. Anaimika njinga ndi tayala limodzi, anaimirira pachishalo, anazungulira malo amodzi mpaka utsi kuphimba tenti. Anthu anakuwa dzina lake. Kunena zoona, mwanayo njinga amaitha. Ngakhale ine amene ndinali nditamukwiyira, ndinapezeka ndikuomba m'manja.

Kenako wolengeza anaitana ogona. Anyamata anayala matupi awo, wowonjezera uja nayenso, ine n'kuyala thaulo kumchira. Nditagona ndinaona kuti chitunda cha matabwa chatalikira kuposa masiku onse. Ndinatembenuzira mutu kumene iye anaima, kutali kumapeto kwa bwalo. Ndinapemphera pemphero la mayi, lalifupi lija: mutisunge tonse, wam'mwamba ndi apansi.

Injini inalira. Ndinadikira dzanja.

Anakweza lamanzere.

Owonera anaombera m'manja, poti kwa iwo dzanja ndi dzanja. Lamanja linali pachiwongolero, litagwira moto, ndipo ndinadziwa chifukwa chake sanalichotse. Akanalitambasula, sakanatha kulitsekanso bwino. Mwinanso sankalimva n'komwe.

Ndinadzuka.

Sindinathawe. Ndinangoimirira pamalo anga pomwepo, kumapeto kwa mzere.

"Amayi, gonani!" ananong'ona mnyamata amene anali pafupi nane. "Gonani, akubwera!"

"Sabwera."

Phokoso linasintha. Ena anaimba mluzu, ena anayamba kukuwiza. Wolengeza anayesa kukonza zinthu ndi nthabwala. "Pepani, pepani! Zikuoneka kuti amayi athu akumbukira kuti asiya moto kunyumba!" Anthu anaseka. Khoko la lalanje linandimenya paphewa. Kutali kuja injini inkalira, kutsika, kuliranso, ngati galu womangidwa pachingwe. Mlongo wanga ankandikodola ndi dzanja lamanzere lomwelo kuti ndigone.

Nditakana kusuntha, anatembenukira kuzingwe n'kukodola mkazi wake.

Mlamu anawerama n'kudutsa pansi pa chingwe. Anayenda bwalo lonse anthu akumuombera m'manja, poganiza kuti wabwera wolimba mtima. Nanenso ndinaganiza kuti akudzagona pamalo anga. Anafika pamene ndinaima, anayang'ana thaulo lija pansi, anayang'ananso kwa mwamuna wake. Kenako anatola thaulolo, analikutumula fumbi, analipinda bwinobwino n'kulikumbatira pachifuwa. Anaima pambali panga, phewa lake likukhudza langa. Ndinkamva mmene ankapumira.

Anyamata aja anayamba kudzuka mmodzimmodzi.

Injini inalira kwa nthawi yaitali, kenako inatsika. Anabwera pang'onopang'ono, kulambalala chitunda, n'kuima patsogolo pathu. Anayesa kumasula lamba wa chisoti ndi dzanja lamanja, zala zinakana, n'kumasula ndi lamanzere. Nkhope yake inali yonyowa.

"Mwandipha, achemwali."

"Unakweza lamanzere."

"Dzanja ndi dzanja!"

"Tambasula lamanjalo ndione, ndigonanso pompano."

Anayang'ana dzanjalo ngati ndi la munthu wina. Sanalitambasule. Kutenti akuluakulu aja anali atayamba kale kuimirira, wina akulankhula pafoni. Mlongo wanga anakankha njinga n'kutuluka m'bwalo wapansi, anthu akumukuwiza.

Kampani inatenga wodumpha wina. Ine ndinatsala ndi dzina. Makasitomala ankabwera kudzayesa zovala n'kumati, "Kodi si inu munathawa kumchira?" Ena ankandilangiza kuti nsanje ya pachibale ndi yoipa. Sindinawafotokozere, chifukwa kufotokoza kukanakhala kuulula dzanja lake, ndipo limenelo silinali langa kuti ndiulule. Iye ankadutsa pamsewu wa shopu yanga m'mawa uliwonse, n'kuliza injini dala pakhomo panga, osayang'ana mkati. Kutchalitchi anasamukira benchi ina. Ndinkayembekeza kuti mtima ukhala pansi poti tonse tili moyo, koma ayi. Ndinkapemphera ndili wokwiya, ndipo Loweruka, limene tsopano linali langa, ndinkangokhala pamakina osadziwa chochita nalo. Kukwaya sindinabwerere. Mlamu ankatumiza mwana kudzandipatsa moni, nthawi zina ndi maluwa a pampanda wawo m'kabotolo.

Patapita masabata angapo, masana ena mthunzi unatseka khomo la shopu. Anali iye, wapansi, atanyamula jumbo. Anakhuthulira mashati ake onse patebulo lodulira nsalu.

"Mabataniwa andikwana. Muchotse, muike zipi."

"Moni kaye."

"Muli bwanji. Muike zipi."

"Shati ya kutchalitchi, zipi? Udzaoneka ngati chikwama."

"Ingoikani, achemwali."

Ndinatenga shati imodzi n'kuitembenuza. Pabowo la batani lapakhosi nsalu inali itang'ambika, chizindikiro choti munthu anakoka ndi mkwiyo.

Anakhala pampando wa makasitomala, maso ali pamsewu. "Adokotala akuti mtsempha wapanikizika pamene fupa linalumikizana mokhota. Akufuna ang'ambe. Akuti mwina libwerera, mwina ayi."

"Liti?"

"Lachinayi. Mlamu wanu amaopa magazi."

"Ndidzatseka shopu."

"Sindinakupempheni."

"Ndamva."

Anasisita dzanjalo ndi linzake. "Musaganize kuti mwapambana. Likabwerera ndidzadumphanso. Ndipo kampani ija sindidzakukhululukirani msanga."

"Sindinali pampikisano ndi iwe."

"Kumchira mudzagona?"

Ndinafuna kumuponyera sizasi. Munthu sanalowe n'komwe m'chipatala, akufunsa kale za phula. Ndinapuma kaye, n'kutenga lezala m'kabati.

"Ukadzakweza lamanja n'kulitambasula, ndidzaona," ndinatero. "Gwira apa, ukoke nsaluyi."

Anagwira ndi lamanzere. Ndinayamba kudula ulusi, batani ndi batani. Iye ankaganiza kuti nditaya, koma ndinakhuthula mapini m'kachitini kena n'kuikamo mabatani ake onse, ndi kukakankhira kumbuyo kwa shelefu, pamene sindisunga za makasitomala.