Masamba Pamsewu wa ku Wallacedene

Enos atamwalira, mkazi wake Ellina anachita zomwe aliyense wa ku Balaka akanachita: anathyola nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu, kuti odutsa adziwe kuti pali maliro.

Chisoni chinamuiwalitsa kuti pamapepala iye ndi malemuyo anali a ku Zimbabwe. Mu 2010 boma la South Africa linapereka zilolezo zokhalira m'dzikomo kwa a ku Zimbabwe okha, Amalawi n'kutsala padzuwa. Ndiye banjali linapeza mapasipoti a ku Harare, mzinda womwe linangouona pawindo la basi.

"Mayi, mwadziulula," ananong'ona a Petros, neba wawo wobadwira ku Mbare, mumzinda wa Harare, koma agogo awo a ku Dedza. "Ife timamanga kansalu kofiira pageti. Masamba ndi a kwanu. Simunamve? Akuti maboma agwirizana zoonetsana zidindo za zala."

"Maboma ake omwe anatisiya tikuwotchedwa mu 2008 aja? Lero akondana?"

"Pa za ifeyo sakangana."

Masana kunatulukira bambo wa nsapato zonyezimira. Atafika pamasamba paja anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono. Wakwathu ameneyo, mosakayika. Koma pasiwa ponse panalibe womudziwa, ndipo nyimbo ya amayi inazilala.

Ananjuta pakhomo. "Pepani mayi. Ndine Bizwick, ndimathandiza kutumiza maliro kumudzi. Ndangoona masambawa. Kodi malemuwa apita kuti?"

Ellina anayang'ana nsapato zija. Fumbi la ku Wallacedene silikhululukira woyenda pansi. Galimoto waisiya kuti, ndipo yalembedwa chiyani pachitseko?

Enos akudwala ankabwereza chimodzi: akagone pafupi ndi mayi ake. Koma Ellina akangotchula Balaka, n'kupezeka kuti mlendoyu ngotumidwa ndi boma, chilolezo chitha, ntchito yake ya ku Constantia itha, mwana wawo Lisa achoka pasukulu.

"Ife ndi a ku Harare," anatero.

"Nanga masambawa?"

"Ndi mphepo, bambo. Ya kuno simukuidziwa?"

Bamboyo anayang'ana nthambi zija, zitandandalikidwa bwinobwino mbali zonse ziwiri.

"Ndiye muwatengera ku Harare?"

"Tiika konkuno."

Bamboyo anatsazika mwaulemu, ndipo chipewa anakavalira kuseri kwa masamba.

"Mwina anali woona," anatero a Petros.

"Mwina."

Ellina anadzuka n'kukakokera nthambi zija m'ngalande. Enos anagona mumchenga wa ku Kraaifontein, monga munthu wa ku Harare.