Kamkate ka Tsiku la Makumi Asanu

Mwana wa Teruko atakwanitsa masiku makumi asanu, abale ndi alendo anadzaza nyumba, timikate ta mpunga tili m'mbale, kudikira kuti bambo amulawitse mwanayo koyamba. Bambo akakana kutero, basi, mwana alibe mtundu, ndipo udindo wa kunyumba yachifumu asaulote n'komwe. Teruko anali ndi mantha, chifukwa amuna ake, a Akitsune, kuwerenga miyezi ankadziwa.

Koma a Akitsune kuopa milungu kwawo, abale inu! Chaka chonse chatha sanapondeko kwa mkazi wawo. Ankangotumiza makalata onunkhira: olosera akuti mulungu wakhala chakumadzulo, njira yobwera kwanu yatsekeka. Mulungu ameneyo osasunthako ngakhale tsiku limodzi, ngati wathyoka mwendo.

Tsikulo a Akitsune anafika nkhope ili gwa, nakhala pafupi ndi nsalu yotchinga imene Teruko anali kuseri kwake.

"Mayi," ananong'ona, "ine mundiyese chitsiru? Kamkate aka sindikakhudza."

"Pepani bambo," anatero Teruko. "Ingowauzani alendo kuti kuno simunkabwera. Poyamba muwauze a Nduna, ndi awo akhala kutsogolowo."

A Akitsune anacheuka. Zoonadi, Nduna yokalamba ija, bwana wawo kuntchito, inali pompo ikudzikupizira mphepo. Teruko anaiitana dala. Adzakazi sasunga chinsinsi, anali atamutsina kale khutu: chaka chonsecho a Akitsune ankazembera kwa mkazi wamng'ono wa Ndunayo, uku kuntchito akulengeza kuti ali kwa Teruko.

"Akitsune!" inafuula Nduna mosangalala. "Amuna okonda akazi awo ngati iwe atha m'dziko muno. Chaka chathachi ndikati ndikufune, yankho limodzimodzi: ali kwa Teruko, ali kwa Teruko. Lero zipatso zake taziona. Tamudyetsa mwanayo, ife njala yatipweteka!"

A Akitsune anapita pamene panali mwanayo. Anatola timitengo todyera, nanyema kamkate, nakagunditsa pamilomo ya mwana. Mwanayo ananyambita, alendo n'kuyamba kuyamikira. Kuseri kwa nsalu Teruko anapukuta misozi ndi mkono wa chovala chake, mtima utakhala pansi.

A Akitsune anasendera kunsalu kuja.

"Chabwino, mwandigwira. Koma tangondiuzani, mayi, mwanayu ndi wa yani?"

"Ndi wanu, bambo. Anthu onsewa aona ndi maso awo."