Ulimbo pa Mano a Mzime Wanga

Ndinapita ndi mzime wanga kwa dokotala wa mano chifukwa dzino lakumbuyo linkamuliza. Ndinkangofuna alione msanga, ine ndibwerere kuntchito.

Dokotala atakweza mlomo wa mwanayo, ndinayang'ana kumbali. Nkhama zofiira, zotupa, ndipo m'mphepete mwa mano munali zinthu zachikasu zomata.

"Mayi, mswachi anausiya liti?"

"Amachukucha mankhwala," ndinatero. "Anagula ndi bambo ake. Akatsuka ndi mswachi ankatuluka magazi, n'kumalira mpaka kuchedwa kusukulu. Pabotolopo analemba kuti amapha tizilombo."

"Amapha toyandama m'malovu." Dokotala anapala dzino ndi kachitsulo, n'kundionetsa phala lomwe linatsalira kunsonga. "Koma iti takhazikika. Tizilombo tikakakamira pa dzino n'kuunjikana, timasintha zomwe timapanga. Mapuloteni ena timasiya, ena timayamba. Timapanga ulimbo wodzikuta nawo, tina timachepetsa kukula ngati tagona. Mankhwala amangodutsa pamwamba. Pamafunika kukwecha basi."

"Tizilombo tomwe tija?"

"Tomwe tija, khalidwe lina."

Ndinakhala pampando osauzidwa. Ine ndinkati kachilombo ndi kachilombo, ukathira mankhwala kafa. Sindinkadziwa kuti timapangana. M'mawa uliwonse mwana ankandiuzira mpweya kumaso, fungo labwinobwino, pamene pansi pake tinthu tikumanga.

"Amayi, ndiye m'kamwa mwanga muli alendi?" anafunsa mzime wanga.

"Alendi osalipira," ndinatero. "Yasama."

Dokotala anagogoda dzino lowawalo. Mwana analumpha.

"Limeneli musavutike nalo," ndinatero. "Si laubwana? Liguluka lokha."

"Ayi, mayi. Ili ndi lachikulu. Limamera kumbuyo popanda lina kuguluka, n'chifukwa chake ambiri salizindikira."

"Ndiye limateni."

Analijambula, n'kundiitana kuti ndione chithunzi pakompyuta. Bowo linali litadya mpaka pansi, pamuzu pali mdima.

"Palibe pogwira chomatira. Mdimawu ndi mafinya, ndipo likakhala alowa m'chibwano."

Ndinayang'ana mwana wanga, miyendo yake yosafika n'komwe kumapeto kwa mpando. Foni inkalira m'chikwama, akuntchito, ndinangoisiya.

"Zulani," ndinatero.

Ndinamugwira manja onse awiri mpaka anamaliza. Atamuika thonje, mwanayo analankhula mosamveka bwino, malovu akutsika pachibwano.

"Amayi, lina limera liti?"

Dokotala anandiyang'ana kuti ndiyankhe ndine. Ndinamupukuta ndi mpango wanga.

"Silimera, mwanangu. Luma thonjelo."