Mwana Akalira Kunja kwa Shedi

Lefina atamva kulira kwa mwana wake, anasiya masamba a fodya wa balale pathebulo n'kutuluka. Mwanayo ankatsala ndi apongozi ake a Lefina pansi pa mtengo wa mthethe, poti fumbi la m'shedi yosankhiramo fodya linkamutsokomoletsa. Anamuyamwitsa mothamanga, mtima uli m'mwamba. Chaka chimenecho banja lawo silinapeze kuponi ya feteleza, chimanga chinakanika, ndiye ntchito ya pa esiteti ya ku Njombwa ndi imene inkawadyetsa.

Pobwerera anapeza a Mphepo, kapitawo wa shediyo, ataima pamalo pake. Anamuuza mofatsa, ngati akumukomera mtima, kuti munthu woyang'anira thebulo sayenera kumangotulukatuluka. Kuyambira mawa thebulo alisiyire Masautso, mnzake wa m'shedimo, ndipo Lefinayo azikasesa panja, kufupi ndi mwana.

Zinamuwawa Lefina. Thebulo limenelo analikhetsera thukuta zaka zambiri, ndipo ndi iye amene anachita kumuphunzitsa Masautsoyo kusiyanitsa masamba. Koma a Mphepowo sanali munthu woipa. Vuto lawo linali lakuti diso lawo linkaona za ena zokha. M'shedi munali moletsedwa moto, choncho iwo ndi amuna anzawo ankatuluka kukasuta ndudu nthawi iliyonse chibaba chikawagwira, ndipo zimenezo palibe ankazitcha kutulukatuluka.

"Ndamva, a kapitawo," anatero Lefina mwaulemu. "Koma bwanji ndizituluka pokhapokha osuta akamatuluka? Akalowa, nanenso ndizilowa."

Masautso anasisita thumba la malaya momwe munali ndudu zake, n'kuyang'ana kudenga. A Mphepo anaona kuti akakana, amayi onse am'shedimo afunsa za ndudu, ndipo ya iwo eni inali ili kale kukhutu. Anakhosomola, n'kugamula kuti pofuna chilungamo aliyense azituluka nthawi imodzi, wa bere ndi wa fodya yemwe.

Tsono khanda silidziwa lamulo la kapitawo. Linkalira nthawi yake, ndipo amuna aja, poopa kuti nkhani ingayambirenso, ankadzuka likangolira. Posakhalitsa anazolowera. Amayi ena, amene kale sankapuma n'komwe, nawonso ankatuluka kukawongola msana ndi kumwa madzi. Lefina ankakhala kumtunda kwa mphepo ndi mwana wake, utsi ukupita kwina, n'kumayamwitsa mtima uli m'malo. Thebulo linakhalabe lake, ndipo anali wokondwa.

Tsiku lina mwana anagona tulo tofa nato. Dzuwa linakwera, kunja kuli chete. Amuna anayamba kuyasamula, ena kumangosuzumira pakhomo. Kenaka a Mphepo anafika pathebulo la Lefina, anatola tsamba n'kumalitembenuza ngati akuliyesa.

"Mayi a mwana," ananong'ona, "simungakamuoneko mnzathu uja? Mwinatu ali ndi njala."